Zida zoimbira techno: bokosi limodzi, mabokosi angapo, modular kapena laputopu?

Pa liwiro la 130 BPM (kugunda 130 pa mphindi imodzi), masitepe 16 a makina a ng'oma amazungulira n'kubwerera poyambira m'masekondi osakwana awiri. Nyimbo yonse ya techno imamangidwa pa kanthawi kochepa kameneko. Palibe vesi, palibe kolasi, ndipo kawirikawiri palibenso woimba ndi pakamwa. Chimene chimavinitsa anthu ola lathunthu osatopa ndi zomwe manja a woimba akuchita pa kamzere kozungulira kaja: kuchotsa kick (ng'oma yaikulu yogunda pansi) kwa kanthawi n'kuibweza, kutsegula filter (chosefera mawu) pang'onopang'ono, kuponya clap (phokoso la kuwomba m'manja) imodzi mu delay (chobwereza mawu) n'kuisiya izizimiririka yokha. Choncho posankha zida, kamvekedwe si nkhani yoyamba. Masiku ano pafupifupi makina alionse amatha kutulutsa kick yogwedeza pachifuwa. Mafunso ovuta ndi awiri. Kodi dzanja lanu lifika pa chimene mukufuna kusintha nthawi yomweyo? Nanga muchoka bwanji pa nyimbo ina kulowa ina ng'oma osaima?

Amene anayambitsa techno ku Detroit m'zaka za m'ma 1980, Juan Atkins, Derrick May ndi Kevin Saunderson, analibe zambiri zosankhapo. Ankagwiritsa ntchito zomwe zinkapezeka, ndipo zina mwa izo zinali makina a Roland amene oimba ena anawanyoza. TR-808 ya 1980 ndi TR-909 ya 1983 sizinkamveka ngati ng'oma zenizeni, motero zinatsika mtengo m'manja mwa ogulitsa zinthu zakale. TB-303 ya 1981 anaipanga kuti izilowa m'malo mwa woimba gitala ya besi. Ntchito imeneyo inaikanika, mpaka achinyamata a ku Chicago anatulukira kulira kwake kwina kumene kunabala mtundu wa nyimbo wotchedwa acid. Chofunika kuona pa makina atatuwa ndi nkhope zake: zonse zili poyera. Kick ya 909 ili ndi zopotokola zake zinayi, ndipo 303 ili ndi zisanu ndi chimodzi zoumbira mawu. Palibe chobisika m'kati mwa menyu. Njira iliyonse imene ili m'munsimu mwina ikusunga ufulu wa manja umenewu, kapena ikutayako mbali yake kuti ipeze china.

Mabokosi angapo, mikisa pakati

Iyi ndiyo njira yakale, ndipo ambiri akamati akuimba popanda kompyuta amanena imeneyi. Makina amodzi a ng'oma, amodzi a besi, synth (makina opanga mawu ndi magetsi) imodzi ya mawu apamwamba, delay, reverb (yomveketsa mawu ngati ali m'chipinda chachikulu), zonse n'kukakumana mu mikisa. 909 ndi 303 zenizeni pano ndi za osunga zinthu zakale, koma zolowa m'malo zilipo. Roland TR-8S ya 2018 ili ndi ng'oma 11, iliyonse ndi fader yake yokankha m'mwamba ndi pansi, komanso imalandira ma sample anu, tizidutswa ta mawu ojambulidwa, kuchokera pa SD card. Behringer anatulutsa TD-3 motengera 303 ndi RD-9 motengera 909. Timabokosi ta Korg Volca, timene tinayamba kutuluka mu 2013, ndi njira yotchipa yolawira kaimbidwe kameneka, ngakhale zopotokola zake n'zazing'ono mwakuti zala zazikulu zimavutika nazo mumdima.

Pa njira iyi chida chachikulu si synth ayi, ndi mikisa. Anthu amathera ndalama pa mabokosi okongola n'kugula mikisa yosalapo, pamene woimba amathera nthawi yambiri manja ali pa mikisayo. Muone kaye kuti ili ndi ma aux send angati, ndiko kuti potumizira mawu ku zida zakunja. Awiri ndiye poyambira: wina wa delay, wina wa reverb. Muonenso ngati njira iliyonse ili ndi batani lozimitsira mawu lomwe silichita phokoso mukalidina, komanso EQ, yokwezera kapena kutsitsira mawu apansi ndi apamwamba, imene imadula besi mokwanira. Luso lina lofunika ndi kubweza mawu a delay pa njira wamba ya mikisa m'malo mwa pobwezera pake, kuti muziwadula ndi EQ kapena kuwatumizanso mu delay momwemo mpaka ayambe kudzidyetsa okha. Kaimbidwe kameneka kanachokera ku dub ya ku Jamaica, ndipo Moritz von Oswald ndi Mark Ernestus a Basic Channel anakazika mu techno ya ku Berlin kuyambira 1993. Pa 130 BPM, ikani delay pa 346 ms, yomwe ndi masitepe atatu, ndipo mumva chifukwa chake anthu satopa nako.

Phindu lina lalikulu ndi loti kick imatha kutuluka pa chingwe chakechake. TR-8S ili ndi potulukira padera pasanu ndi pamodzi kuwonjezera pa awiri aakulu aja, ndipo 909 inali ndi potulukira pa ng'oma zake. Izi si zachabe. Kugunda kwa pansi kokhala ngati bingu lakutali, kumene anthu a techno amati rumble, kumapangidwa potenga kick, kuiponya mu reverb, kudula mawu onse apamwamba, kuwonjezera distortion, kenako n'kukupanikiza ndi compressor nthawi iliyonse kick yeniyeni ikagunda kuti ziwirizi zisalimbane. Kick ikakhala yosakanikirana kale ndi ma hi-hat pa chingwe chimodzi, zimenezi kunja kwa bokosi sizitheka.

Mavuto ake ndi odziwika. Bokosi lililonse likufuna magetsi ake, zingwe zake za mawu ndi chingwe cha MIDI chimene makina amatumizirana nacho malamulo, ndipo chilichonse mwa izi chikhoza kukhwepa pa siteji. Kulumikiza kumadya nthawi, pomwe m'kalabu malo amene akusiyirani pambali pa zida za DJ amakhala ochepa. Vuto lalikulu koposa ndi kusintha nyimbo. Ngati mabokosi ali anayi, onse anayi ayenera kusamukira pa patani yatsopano, koma manja ndi awiri. Ena amathetsa izi ndi sequencer imodzi, chida chosunga ndi kuimbitsa masitepe, yolamulira zonse, monga Arturia BeatStep Pro, Squarp Hapax kapena Sequentix Cirklon. Ena amasandutsa vutolo kukhala kaimbidwe: amasintha ng'oma kaye besi ikupitirira, pambuyo pake besi, pambuyo pake synth, mwakuti palibe amene angaloze pomwe nyimbo ina yathera. Kwa ine njira yachiwiriyi ndiyo imamveka ngati techno yeniyeni. Abale a ku Detroit a Octave One akhala akuonetsa kwa zaka zambiri zomwe tebulo lodzaza ndi makina lingachite, koma muzikumbukira kuti pa siteji amakhala awiri, manja anayi.

Bokosi limodzi

Apa dzina limene silingadumphidwe ndi Elektron ya ku Gothenburg ku Sweden. Digitakt ya 2017 ili ndi ma track (mizere ya mawu) 8 a sample ndi ena 8 a MIDI olamulira makina akunja. Digitakt II ya 2024 inafika pa ma track 16 ndipo imaimba ma sample a stereo. Digitone ya 2018 imapanga mawu ndi njira ya digital yotchedwa FM, Syntakt ya 2022 ili ndi ma track 12 osakaniza analog ndi digital, pamene Analog Rytm ya 2014 ndi makina a ng'oma a analog otha kusanjikiza sample pamwamba.

Chimene chinakopa anthu a techno si mawu ake kwenikweni koma sequencer. Mumagwira sitepe imodzi ndi chala n'kupotokola chilichonse, ndipo kusinthako kumakhala pa sitepe yokhayo. Amati parameter lock. Hi-hat imodzi ikhoza kukhala yaifupi pa sitepe yachitatu, yaitali pa yachisanu ndi chiwiri, n'kulowa mu reverb pa yomaliza. Mukhozanso kuuza sitepe kuti izilira kamodzi pa maulendo anayi alionse, kapena mwamwayi, theka la nthawi. Mukapatsa track ina masitepe 16, ina 12, ina 7, mizereyo imasemphana n'kudzakumananso patapita nthawi, ndipo kamzere ka masekondi awiri kaja kamayenda mphindi zingapo osabwereza chimodzimodzi. Pali kachinyengo kena kokoma pa siteji: mumasunga patani mmene ilili, n'kupotokola ma track onse nthawi imodzi mpaka nyimbo itasokonekeratu, kenako ndi mabatani awiri zonse zabwerera mwakale pa kugunda koyamba. Anthu ovina amakuwa pamenepo.

Mtengo wake wa zonsezi ndi woti zopotokola zisanu ndi zitatu zomwezo zimagwira ntchito pa chilichonse. Kuti mufike pa filter ya besi muyenera kusankha track, kusankha tsamba, ndiye mupotokole. Mukazolowera zimatenga sekondi imodzi, koma sekondi imodziyo ikufanana ndi theka la kuzungulira kwa patani. Simungatsitse hi-hat ndi dzanja lina uku lina likutsegula besi monga mungachitire pa mikisa, pokhapokha mutawonjezera kabokosi ka ma fader kolumikiza pa MIDI, zomwe ambiri amachitadi. Digitakt imatulutsanso mawu onse pa zingwe ziwiri zokha, ndipo kuti mupeze track iliyonse payokha mufunika kompyuta ndi pulogalamu ya Overbridge. Posintha patani, mawu onse amasinthira limodzi, zomwe zimamveka ngati kudumpha ngati simunakonze mapatani olumikizira pakati.

Mabokosi ena a mtundu umenewu amasankha mosiyana. Roland MC-707 ya 2019 inapatsa track iliyonse mwa 8 fader yake, choncho kusakaniza n'kosavuta, koma kukonza mawu kumakulowetsani m'menyu zakuya. Akai MPC, imene mzere wake unayamba ndi MPC60 mu 1988, pano ndi kompyuta yovala bokosi, yokhala ndi sikirini yogwira ndi chala. Ndi yabwino pomaliza nyimbo yathunthu kuyambira poyamba mpaka pothera, koma mtima wake uli pa kumenya ma pad, timabatani tomenya ndi zala, osati pa mzere wa masitepe. Novation Circuit Tracks ya 2021 ilibe sikirini n'komwe, imayendera batire, ndipo munthu amaidziwa tsiku limodzi. Malire ake mudzawafika msanga, komabe malire otere amaphunzitsa kumaliza nyimbo.

Ngati mukuyamba kumene, bokosi limodzi ndilo ndingakulozereni, ndipo musagule lachiwiri mpaka mutatha kuimba mphindi makumi awiri pa loyambalo osayang'ana buku lake.

Octatrack, mlatho wa pakati

Makina awa akufunika kuwatchula paokha chifukwa amayankha funso lachiwiri lija mwachindunji. Octatrack ya Elektron inatuluka mu 2011, mtundu wake wachiwiri, MKII, mu 2017. Ili ndi ma track 8 a mawu, 8 a MIDI, polowera mawu panayi ndi crossfader ngati ya DJ, fader yokankha cham'mbali yochokera pa mawu ena kulowa ena. Makina ena amalowa mwa iyo. Nyimbo ikamatha, mumaijambula ikuimba, masitepe 64 mwachitsanzo, n'kukankhira crossfader ku chojambulidwacho. Ovina akumvabe nyimbo yomweyo, pomwe inu kuseri mukusintha mapatani pa mabokosi onse mosathamanga, mukumvera pa mahedifoni. Mukakonzeka mumabweza crossfader pang'onopang'ono, nyimbo yatsopano n'kutulukira pansi pa yakale. Crossfader yomweyo imathanso kusuntha zinthu zambiri nthawi imodzi, filter apa, reverb apo, ndi dzanja limodzi.

Koma ndi makina ouma mutu. Kumvetsa mmene ma project, ma bank, ma part ndi ma scene amalumikizirana kumatenga miyezi, ndipo ambiri amagulitsa asanafike pokoma. Ilibenso Overbridge, ndiye kujambula track iliyonse payokha ndi ntchito.

Modular

Eurorack, mtundu wofala wa modular, inayamba ndi A-100 ya Dieter Doepfer mu 1995. Mumagula bokosi lopanda kanthu lokhala ndi magetsi, n'kumaikamo tizigawo timene mwasankha: oscillator (gwero la mawu), filter, envelope (choumba kuyamba ndi kutha kwa mawu), sequencer, chilichonse n'kulumikiza ndi tizingwe. Kukula kwa kagawo kumayezedwa mu HP, ndipo HP imodzi ndi 5.08 mm. Mzere umodzi wa bokosi nthawi zambiri umakhala 84 kapena 104 HP. Ufulu wa manja apa ndi wonse, kuposanso pa 909, pakuti chilichonse chikhoza kulamulira chinzake. Mawu achitsulo, osakhazikika, amene amasintha okha pang'onopang'ono, amabadwa mosavuta muno kuposa kwina kulikonse. Surgeon wa ku England amadziwika ndi kuimba ndi modular pa siteji mongopeka pomwepo, ndipo Blawan ndi Pariah akamaimba limodzi ngati Karenn amadaliranso makina osati kompyuta.

Chimene otsatsa malonda sanena mokweza n'chakuti modular siikumbukira. Mukazula tizingwe, nyimbo ija yapita. Tizigawo tina ta digital timasunga zake, koma kulumikiza kwa zingwe sikusungika. Amene amaimba nayo pa siteji amakhala ndi kalumikizidwe kamodzi kokhazikika komwe sakakhudza, ndipo amakaphunzira ngati chida chimodzi. Ma oscillator a analog amafuna kutenthedwa kaye mphindi zingapo kenako n'kuchunidwa, apo ayi besi isemphana ndi zina zonse. Muyeneranso kuwerengera magetsi amene kagawo kalikonse kamakoka pa +12V ndi -12V, ndipo chingwe cha magetsi mukachilowetsa chozondoka kagawo kena kakhoza kupsa. Ndalama nazo zimatha mwakachetechete, chifukwa nthawi zonse pamakhala kagawo kamodzi kamene kakuoneka kuti ndiko kakusowa. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Kupanga ng'oma zonse mu modular ndi njira yodula kwambiri yopezera zomwe makina a ng'oma wamba amachita bwino. Chanzeru ndi kusiya ng'oma kwa TR-8S kapena Digitakt, n'kukhala ndi mzere umodzi wa modular wopanga liwu limodzi kapena awiri achilendo. Wofuna kungolawa ayambe ndi Moog DFAM ya 2018. Ili ndi masitepe 8 okha ndipo ilibe MIDI, choncho kuti iyendere limodzi ndi makina ena imafuna clock ya analog, timagunda tosunga liwiro, kuchokera kwa iwo, koma m'ma techno ambiri a zaka zapitazi mawu ake amamveka.

Laputopu, ndi amene amaichitira manyazi

Pali kamwano kena pakati pa okonda makina koti laputopu si kuimba kwenikweni. Mbiri siivomereza zimenezo. Ableton Live inatuluka ku Berlin mu 2001, ndipo awiri mwa oipanga, Gerhard Behles ndi Robert Henke, anali oimba a Monolake amene ankafuna chida choimbira nyimbo zoterezi pa siteji. Pa funso losintha nyimbo, palibe njira yoposa iyi: zidutswa za nyimbo ziwiri zimaimbira limodzi, liwiro lili limodzi, ndipo compressor, EQ ndi limiter zilipo zochuluka mmene mungafunire. Pomaliza nyimbo yoti itulutsidwe, ambiri mwa amene amaimba ndi makina okha pa siteji amabwererabe ku kompyuta.

Chofooka chake ndi manja. Popanda chowongolera chokhala ndi ma fader ndi zopotokola zimene ntchito yake siisintha, mumangoyang'ana sikirini. Push ya Ableton, imene mtundu wake wachitatu wa 2023 umatha kuyenda wopanda kompyuta, ndi yankho limodzi. Palinso kuchedwa kwa mawu: buffer, kachigawo ka mawu kamene kompyuta imakonza pa nthawi imodzi, ya ma sample 128 (apa ndi timiyezo ta mawu) pa 48 kHz imachedwetsa pafupifupi 2.7 ms, ya 512 pafupifupi 10.7 ms, ndipo mawu a synth yakunja olowa mu kompyuta n'kutulukanso amalipira kawiri. Kusakaniza laputopu ndi makina amodzi kapena awiri n'kumene kumapatsa zabwino za mbali zonse, bola nkhani ya clock ikonzedwe.

Njira ina yaifupi ndi ya DJ amene amawonjezera makina a ng'oma pambali pa nyimbo zojambulidwa kale. Jeff Mills wakhala akuchita zimenezi ndi 909 kwa zaka zambiri. Mikisa ya DJ yokhala ndi ma send, monga Allen & Heath Xone:96 ya 2018 kapena Model 1 imene Richie Hawtin anathandiza kupanga, imalola zotere. Katundu ndi wochepa, ndipo makinawo akavuta nyimbo ikupitirirabe.

Clock ndi zingwe

Njira iliyonse ya mabokosi oposa limodzi imaima kapena kugwa pa clock. MIDI, imene inakhazikitsidwa mu 1983, imatumiza timagunda 24 pa kugunda kulikonse kwa nyimbo. Makina amodzi okha ndiwo atsogolere, ena onse atsatire. Kudutsitsa clock m'mabokosi motsatizana, loyamba kupatsira lachiwiri, lachiwiri lachitatu, kumatha kubweretsa kuchedwa, makamaka ngati bokosi lina limayamba laiwerenga lisanaipatsire. Kabokosi kogawa MIDI, kolowera kumodzi n'kutulukira kungapo, n'kotchipa ndipo kamachotsa mutu wambiri. Clock yochokera mu kompyuta kudzera pa USB imagwedera pang'ono, n'chifukwa chake ena amagula zida ngati E-RM Multiclock zimene zimaipanga kuchokera ku chizindikiro cha mawu. 303 yeniyeni ndi 808 sizimva MIDI, zimafuna DIN sync, ngakhale pulagi yake imaoneka chimodzimodzi. Pa makina aang'ono amene amalowetsa MIDI pa kabowo ngati ka mahedifoni pali mitundu iwiri, A ndi B, ndipo mukasemphanitsa palibe chimene chimayenda.

Kung'ung'udza kwa 50 kapena 60 Hz, kapena kulira kopyapyala kobwera mukalumikiza USB, kawirikawiri kumachokera ku ground loop, pamene zida zalumikizana ndi waya wa earth kudzera m'njira zoposa imodzi. Lumikizani zida zonse pa gwero limodzi la magetsi, ndipo kwa woyendetsa masipika a m'kalabu perekani zingwe ziwiri za balanced, zimene zimakana phokoso, kapena mudutse mu DI box, kabokosi kosandutsa mawu kukhala a balanced. Masipika aakulu a besi m'malo ambiri amaimba mono, ndiye kick ndi besi zikhale pakati. Stereo muisiyire ma hi-hat ndi delay.

Pojambula, kusankha kulinso pawiri. Kujambula zingwe ziwiri zotuluka mu mikisa kumakukakamizani kuimba bwino ulendo umodzi, monga techno yambiri yoyambirira inajambulidwira pa tepi ndi DAT, koma hi-hat ikakwera kwambiri muyambiranso. Mikisa yojambula njira iliyonse payokha pa SD card, monga Tascam Model 12, imakulolani kukonza pambuyo.

Pa siteji ine ndingasankhe makina a ng'oma okhala ndi ma fader ndi potulukira kick payokha, bokosi limodzi la Elektron loimba zina zonse ndi kutsogolera clock, mikisa yaing'ono ya ma send awiri, delay ndi reverb. Zonsezi zimakwana m'chikwama chimodzi chachikulu, ndipo mabokosi awiri amalola kusintha limodzi linzake likuimba. Pa njira yotsala ya mikisa ya DJ lumikizani foni kapena kachoimbira kena, nyimbo ya liwiro lomwelo ili chire, fader yake ili pansi, kuti bokosi lina likauma mukhale ndi mphindi zisanu zolizimitsa ndi kuliyatsanso.